Utoto wa Galimoto Yakale

Nkhani yanga lero icokera m'kalata imene watilembera mnzathu wina wogwira nchito pansi pa mgodi ku Mufulira. Kwao ndi kuno m'boma la Mambwe, m'dziko la Mfumu Jumbe. Atate ace anamwalira caka catha, ndipo pa cuma cimene anasiya pali Land Rover yakale, imene yakhala zaka zambiri pansi pa cisakasa kumudzi. Injini ilira bwino, koma utoto wace unatuwa, kotero kuti munthu akaitsamira acokapo ndi ufa wobiriwira pa malaya. Mnzathuyu afuna kuikonza kuti ikaoneke pamaso pa anthu, poyamba pa mwambo wa Malaila kwao kwa Akunda, ndipo pambuyo pace, akapeza mpata, akaiimike pakati pa magalimoto ena akale ku Lusaka. Tsono mmisiri wina wa m'tauni wamuuza kuti aipale yonse kufikira citsulo, naipopera utoto watsopano wonyezimira ngati galasi, ndipo wachula mtengo woposa malipiro a miyezi itatu. Funso lace ndi lakuti, kodi ndibvomere?

Yankho langa, bambo, ndi ili: musafulumire. Ndalama zikatha zibweranso pa kutha kwa mwezi, koma utoto umene galimoto inaturuka nao ku fakitale ukacoka wacokeratu, ndipo palibe sitolo pa dziko lapansi imene ingakugulitseni wina wotero. Ndiloleni ndifotokoze cifukwa cace. Ena nonse amene muli ndi magalimoto mumvetserenso, pakuti zambiri zimene ndidzanena zikhudza galimoto iri yonse, ingakhale yogulidwa dzana.

Poyamba tidziwe cimene atate anu anakusiyirani. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu pa 30 April 1948 mu mzinda wa Amsterdam, ndipo anali kuzipanga ku Solihull m'dziko la England. Nkhondo yaikuru inali itangotha kumene, citsulo cinali cosowa, cotero thupi lace analipanga ndi aluminiyamu, yemwe uja apangira ndege ndi mapoto. Ndico cifukwa cace magalimotowa akali moyo kufikira lero, pamene anzao a msinkhu womwewo anadyedwa kale ndi dzimbiri. Mtundu wochedwa Series II unaturuka mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III mu 1971. Simunachule mtundu wa yanu, koma mwanena kuti nyali zace ziri pakati, pa sefa wa citsulo wa kutsogolo, osati pa madigadi. Ngati ndi conco, inapangidwa caka ca 1970 cisanafike, ndiko kuti yapitirira zaka 50.

Ife a kuno ku cigwa tiidziwa bwino galimoto imeneyi. Pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti amange msasa wa alendo odzaona nyama, Land Rover inali ndi zaka ziwiri cabe, ndipo nchito ya alendo ndi galimotoyi zinakulira pamodzi. A boma, a mishoni ndi oyang'anira nyama anatsika nayo mapiri kucokera ku Fort Jameson, kumene lero tichula Chipata, msewu usanaikidwe tara, ndipo pamene South Luangwa inasanduka paki mu 1972 inali kale mwini wace wa njira za m'chire muno. Lero m'misasa yambiri muli Land Cruiser za ku Japan, ndipo ku Solihull analeka kupanga za maonekedwe akalewo mu January 2016. Zotsalazo zicepa caka ndi caka. Zambiri zinapakidwa utoto kawiri kapena katatu, zina ndi burashi wopakira nyumba. Yokhala ndi utoto wace woyamba ndi yosowa ndithu.

Tsono utoto wa galimoto n'ciani? Anthu ambiri aganiza kuti ndi cikopa cocindikala cimene munthu angathe kucikweca monga afuna. Iai. Utoto wonse wa ku fakitale, kuyambira wapansi kufikira wapamwamba, kucindikala kwace kufanana ndi pepala limodzi kapena awiri a m'buku. Ndipo polishi, amene tiyesa kuti aonjezera kuwala, makamaka acita kucotsa. M'kati mwace muli timiyala tosalala koposa ufa, timene tidya utoto wapamwamba wakufa kuti woyera wa pansi pace uoneke. Mukaima pa dziwe m'mphepete mwa Luangwa m'mamawa mphepo isanayambe, muona mitengo ndi mitambo m'madzimo cifukwa pamwamba pace n'posalala. Mvuu ikangogwedeza mutu, cithunzi conse cabalalika. Utoto nao uwala pamene pamwamba pace pali posalala, ndipo kusalaza ndiko kudya pang'ono. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti mwala umene mwaturutsa sumeranso, ndipo mudziwa cimene cigwera anthu aumbombo amene adya ndi nsanamira zomwe. Wopukuta galimoto ayenera kukhala ndi mtima womwewo, nthawi iri yonse adzifunse kuti pansipa patsala wocuruka bwanji.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi. Ndiri mnyamata ndinalembedwa nchito yopatsira zipangizo amakanika pa msasa wina wa alendo kuno ku cigwa. Tsiku lina anandiuza kuti nditsuke Land Rover imene inali kukatenga alendo ku bwalo la ndege. Pofuna kuyamikidwa, ndinapita ku khichini, ndinatenga ufa uja wotsukira mapoto, ndi kuyamba kukweca boneti ndi mphamvu zanga zonse. Mtundu wobiriwira unabwerera, mtima wanga unakondwa, ndipo ndinaonjezera mphamvu. Posacedwa m'mphepete mwa boneti munaoneka kamzere kotuwa, kenaka koyera kong'anima. Mkulu wa amakanika anafika, nayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Pambuyo pace anati, "Mwana iwe, wacita ciani apa?" Ndinati, "Ndimafuna kuti iwale, bambo." Iwo anagwira cala canga, naciika pa kamzere kaja, nati, "Yawaladi. Tsopano bwezera umene wacotsawo." Galimoto imeneyo inayenda ndi cipsera canga zaka zonse zimene ndinakhala pa msasawo, ndipo ndinkaciona m'mawa uli wonse.

Pali mitundu iwiri ya utoto imene muyenera kuisiyanitsa musanagwire kanthu. Kalekale magalimoto ankapakidwa ndi burashi, ndipo kuuma kwace kunkatenga masabata. Ca m'ma 1924 kampani ya DuPont ku America inabweretsa utoto wouma msanga wochedwa Duco, wocita kupopera, ndipo kuyambira pamenepo kwa zaka zambiri utoto wapamwamba unali umodzi wokha, mtundu ndi kuwala ziri pamodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mafakitale ambiri anayamba kupaka mtundu pansi, ndi kukuta pamwamba ndi vanishi wopanda mtundu. Kuti mudziwe wanu, tengani kansaru koyera, donthezanipo polishi pang'ono, mupukute pa malo obisika, monga m'munsi mwa citseko ca kumbuyo. Kansaru kakatenga mtundu wa galimoto, utotowo ndi wa mtundu wakale. Kakakhala koyera, pali vanishi. Kusiyana kwace n'kwakukuru. Vanishi akapsa ndi dzuwa asenda monga khungu la munthu wopsa ndi moto, ndipo palibe polishi angamcize. Mwaona magalimoto ambiri a ku Japan m'makomboni ali ndi denga la zigamba zoyera. Koma utoto wa mtundu wakale ufa pamwamba pokha, nusanduka ufa uja wotsalira pa malaya, pamene pansi pace ukali wamoyo. Cotero ufa umene ukudetsani nkhawa, bambo, kwa ine ndi uthenga wabwino.

Tisanafike pa kupukuta, tikambe za adani a utoto kuno ku cigwa, pakuti ndi ambiri kuposa a m'tauni. Woyamba ndi dzuwa. M'mwezi wa October kutentha kuno kupitirira madigiri 40, ndipo boneti yoima pa mtetete iocha koti simungaikepo dzanja. Waciwiri ndi pfumbi, ndipo ameneyu ndiye woopsa koposa cifukwa timpeputsa. M'pfumbi muli timcenga tolimba kuposa utoto uli wonse. Mnyamata amene atenga cisanza couma m'mawa nakuntha naco galimoto yodzala pfumbi, ayesa kuti akuyeretsa, koma akupala ndi sandipepa. Timizere tija tozungulira ngati ukonde wa kangaude, timene muona pa galimoto yakuda ikaima padzuwa, ticokera pamenepo. Wacitatu ndi madzi. M'madera ena a cigwa cino muli mcere m'nthaka, monga adziwa onse amene anafika ku akasupe otentha a m'dera la Nsefu, ndipo madzi a m'zitsime zina akaumira pa galimoto yotentha asiya timawanga toyera tokana kucoka. Kenaka pali mitengo. Mthunzi ndi wabwino, koma si wa mtengo uli wonse. Musaimike galimoto pansi pa mvunguti, pakuti cipatso cace cimodzi cifika makilogramu 5 kapena kuposa, ndipo aluminiyamu ndi wofewa. Pansi pa mkuyu ndi mango pali utomoni, zipatso zoola ndi zitosi za mbalame, ndipo citosi cikagona tsiku lathunthu padzuwa cidya utoto nicisiya cidindo cace. Za anyani ndi apusi amene asandutsa boneti bwalo la masewera sindinena. A ku Mfuwe adziwa okha.

Tsono nchito yeniyeni iyamba ndi kutsuka, ndipo ndinene kuti theka la kuwala konse licokera pa kutsuka bwino. Sankhani nyengo yozizira, June kapena July, ndipo mugwire nchito m'mamawa pansi pa denga, thupi la galimoto likali lozizira. Ngati munasunga madzi a mvula m'mgolo, gwiritsani amenewo. Thirani madzi ambiri kuyambira pa denga kutsika pansi, osakhudza ndi dzanja, kufikira matope afewa ndi kutsika okha. Mukatero konzani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wofewa, ina ya madzi oyera. Mubviike nsaru m'sopo, mutsuke kacigawo kamodzi, muitsukuluze m'madzi oyera kuti mcenga utsalire m'menemo, ndipo pokhapo mubwerere ku sopo. Nsaru ikagwa pansi, yatha nchito yace tsiku limenelo. Ya magudumu ikhale yace yace. Sopo waufa wocapira zobvala ndi waukali, aumitsa utoto wakale. Koma cimene ndikuletsani ndi mau amphamvu ndico soda waukali uja amene ena atsukira injini ndi pansi pa garaja: ameneyo adya aluminiyamu weniweniyo. Mukatha, pukutani madzi ndi nsaru yofewa ya thonje, musawasiye kuti aume okha.

Apa ambiri athamangira polishi, koma utoto umene wakhala zaka zambiri pa cisakasa ndi wouma ngati cikopa ca ng'ombe coyanikidwa, ndipo mukaukweca uli conco ucoka wocuruka. Uyenera kumwa mafuta poyamba. M'masitolo a zipangizo za magalimoto ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola funsani polishi wamafuta wopanda mcenga, wopangira utoto wa mtundu wakale. Mpakeni mokwanira ndi nsaru ya thaulo, mumsiye agone usiku wonse, m'mawa mupukute. Mudzadabwa kuona nsaru itabiriwira ndipo mtundu utabwerera wokha. Bwerezani kawiri kapena katatu. Kawirikawiri galimoto yakale siifunanso cina coposa pamenepa. Ndidziwa kuti pa siteshoni ya mabasi anyamata apaka dizilo, mafuta ophikira, kapena oilo wakuda wocoka mu injini, ndipo galimoto ing'anima ndithu kufikira masana. Pofika madzulo pfumbi lonse la mu msewu lamamatira pamenepo, ndipo mawa lace cisanza couma cija cibwera kudzalipala. Mafuta a mabuleki okha musawayandikize n'komwe, pakuti asungunula utoto. Akadontha, thirani madzi nthawi yomweyo.

Ngati patsala malo ofuna kusalaza, ndipo pokhapo mutenge polishi wokhala ndi mcenga, ndipo muyambe ndi wosalala koposa onse. Wokakala mumtenge kokha pamene wosalalayo walephera. Gwirani malo aang'ono, aakulu ngati licero, mutsirize amenewo musanapite pena. Dzanja liyende molunjika, kupita ndi kubwera, osati mozungulira, ndipo mphamvu yace ikhale yonga yosisita mwana pamsana. Mupukute, muyang'ane, ndipo mukaona kuti mtundu wayamba kusintha, kapena kamthunzi kotuwa kayamba kuonekera pansi, lekani pomwepo. Mwafika pa utoto wapansi. Kumene muyenera kuopa koposa ndi m'mphepete ndi pa ngondya, pakuti utoto pamene unali wamadzi unathawa pamenepo, ndipo ndi wopyapyala kuyambira tsiku loyamba. Land Rover ndi ngondya zokhazokha, ndiponso iri ndi mitu ya maliveti yambirimbiri. Matani tepi ya pepala pa malo onse otero musanayambe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo nchito imeneyi pa dzanja itenga masiku anai kapena asanu a chuthi canu.

Mudzandifunsa za makina opukutira amagetsi. M'manja mwa mmisiri wozolowera, pa galimoto ya vanishi, acita nchito yabwino ndi yofulumira, ndipo amisiri otero ayamba asalaza ndi sandipepa wa m'madzi wa nambala 1500, 2000 kapena 3000 asanapukute. Koma zimenezo ayenera kucitira utoto watsopano wocindikala, umene mmisiri anapopera dala wocuruka kuti adzadyeko. Pa utoto wa zaka 50, makina othamanga aboola ngondya musanaphethire, ndipo sandipepa ndiye asafikepo konse. Zokanda za minga zimene zafika pansi, zimene cikhadabo cikodwamo mukaciyendetsa, sizingacoke ndi kupukuta. Wofuna kuzicotsa ayenera kudya utoto wonse wozungulira kufikira kuya kwa cokandaco, ndiko kugwetsa nyumba cifukwa ca mng'alu umodzi. Zisiyeni, muzidonthezere utoto wofanana ndi kaburashi kakang'ono ngati citsulo caonekera.

Kuti muone nchito yanu bwino, dikirani usiku. Tengani toci, muunikire campendeko m'mbali mwa galimoto monga muunikira denga la mgodi pofuna ming'alu. Cimene dzuwa la masana libisa ndi kunyezimira kwace, nyali imodzi mu mdima iciulula.

Cotsiriza ndi phula, ndipo iye sadya utoto, angoukuta kuti madzi, zitosi ndi dzuwa ziyambe zalimbana ndi iye. Wina wa kumudzi adzati, phula la njuci tiri nalo, tigulirenji la m'sitolo? Funso labwino, koma phula la njuci lisungunuka pa madigiri 63 kapena pamenepo, ndipo liyamba kufewa kutali lisanafike apo, cotero pa boneti ya mu October likhala lonanda ndi logwira pfumbi. Phula la magalimoto licokera ku masamba a mtengo wonga mgwalangwa wochedwa carnauba, umene umera kumpoto ca kum'mawa kwa Brazil, ndipo lisungunuka pokhapo kutentha kwapitirira madigiri 80. Pakani lopyapyala kwambiri, loti lingooneka ngati nthunzi ya mpweya pa galasi. Likauma pukutani ndi nsaru yoyera. Lopakidwa mocuruka silitetezera koposa, lingobvuta kucotsa ndi kutsalira loyera m'mbali mwa maliveti. Kuno ku cigwa bwerezani pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mudzadziwa kuti latha pamene madzi aleka kuima timadontho pa boneti.

Pali zina zimene simuyenera kuzikonza konse. Zitsulo zotuwa za pamwamba pa bokosi la kumbuyo, za m'mbali mwa galasi la kutsogolo ndi bampala, anazibviika mu zinki ku fakitale, ndipo kutuwako ndiwo maonekedwe ace. Wozipaka utoto wasiliva kapena wozikweca ndi waya waononga. Timaenje tating'ono tondandalika pa madigadi ndi pa zitseko, pamene makina anaocherera aluminiyamu, si zilema ai. Galimoto inaturuka nato ku Solihull. Mmisiri wosadziwa atimata ndi phala lija la amisiri okonza magalimoto ogundidwa, nasalaza thupi lonse ngati dzira, ndipo munthu wodziwa Land Rover akangoiona ali patali adziwa kuti yaonongeka. Phalalo pa misewu yathu ya mabampu ling'aluka pasanapite zaka zambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo inu amene mufuna kugula galimoto yakale yonyezimira, pa ya citsulo yendetsani maginito, pamene akana kugwira pali phala. Pa Land Rover maginito sathandiza, pakuti sagwira aluminiyamu. Gogodani ndi cala, mumve pamene mau ace agontha.

Sindinena kuti mmisiri wanu alibe nchito. Pansi pa thupi la aluminiyamu pali mafupa a citsulo: chasisi, cipupa ca pakati pa injini ndi woyendetsa, ndi mafelemu a zitseko. Amenewo acita dzimbiri monga citsulo cina ciri conse, makamaka popondera mapazi. Ndiponso pamene citsulo cikhudzana ndi aluminiyamu pali cinyezi, aluminiyamu adyeka nasanduka ufa woyera, utoto nutukumuka ngati matuza. Yang'anani m'munsi mwa zitseko. Malo amenewo ayenera kupalidwa ndi kupakidwa, ndipo ndalama zanu zipite kumeneko. Muonetsetse kuti pa aluminiyamu wosabvala ayamba apaka utoto wapansi wace wace, wa asidi woluma citsulo, pakuti wamba sugwira, ufundula ngati njoka. Mtundu ufanane ndi wakale, ndipo usawale kuposa wakale.

Popala pali cenjezo limene sindingalidumphe. Utoto wambiri wa zaka zimenezo unali ndi mtobvu. A ku Kabwe, kumene mgodi wa mtobvu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, safuna kuuzidwa cimene pfumbi la mtobvu licita m'magazi a ana. Musapale utoto wakale uli wouma, musapalire pa bwalo pamene ana asewera kapena pamene amai ayanika ufa, ndipo madzi otsukira musawathire m'dimba. Utoto watsopano wosakaniza ndi mankhwala oumitsa nao uononga mapapo a woupopera wopanda cophimba coyenera kumaso. Kansaru komanga pamphuno sikathandiza. Inu amene mupimidwa cifuwa cifukwa ca pfumbi la pansi, musakaonjezere lina pa chuthi.

Ngati tsiku lina mudzaumirizidwa kupaka yonse, musasinthe mtundu. Wobiriwira uja si wa cabe kuno kwathu. Kashembe akonda mtundu wabuluu ndi wakuda, ndico cifukwa cace misampha yace ya nsaru imene muona m'chire iri ya mitundu iwiri imeneyo, ndipo woyenda m'nkhalango ya tsanya ndi galimoto yotero adziitanira alendo oluma. Magalimoto oonetsa nyama apakidwa mitundu ya chire, yobiriwira kapena ya khaki, kuti asaonekere patali.

Mwina mukali kuopa kuti anthu a pa cionetsero adzaseka galimoto yokhala ndi zipsera pakati pa zonyezimira. Kale zinali conco, koma maganizo a oweruza asintha. Ku Pebble Beach, m'dera la California ku America, kuli cionetsero ca magalimoto akale cochuka pa dziko lonse, cimene cinayamba mu 1950. Kwa zaka zambiri mphotho yaikuru inkapita kwa magalimoto omasulidwa ndi kukonzedwanso kufikira aoneka atsopano kuposa tsiku limene anagulidwa. Koma mu 2024 oweruza anaipereka kwa Bugatti Type 59 ya caka ca 1934, imene kale inali ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium, ndipo inaima pamenepo ndi utoto wace wakale, zokanda zace ndi mipando yace ya cikopa cotha. Kanali koyamba kuti galimoto yosungidwa cabe, yosakonzedwanso, ipambane onse. Yonyezimira angathe kuipanga munthu ali yense wa ndalama. Inayo angakhale nayo yekhayo amene anthu onse oigwira m'zaka 90 anaugwira mtima osaipala.

Pa cionetsero anthu odziwa sayang'ana boneti yokha. Atsegula zitseko naona m'mphepete mwace, asuzumira pansi pa madigadi, ayang'ana ngati phula louma latsalira m'makona ndi ngati utoto watsopano unadonthera pa mphira kapena pa galasi. Kamswaci kakale ka mano ndi madzi a sopo zikwanira pa malo otero. Ngati atate anu anasunga buku la galimotoyo, malisiti, kapena cithunzi cao ataima pambali pace, zitengeni muziike pa mpando. Anthu aima nthawi yaitali pa zimenezo kuposa pa utoto.

Za ulendo wa ku Lusaka, ndi makilomita oposa 600 kucokera kwanu kudzera ku Chipata ndi Great East Road. Mukainyamula pa lole musaifunditse tenti, pakuti tenti yokupiza ndi mphepo tsiku lathunthu, pfumbi liri pansi pace, idzafafaniza nchito yanu yonse ya sabata. Ipite yosafunda, mukaitsuke mukafika, ndipo munyamule ndowa zanu ziwiri ndi nsaru zanu.

Tsono bambo wa ku Mufulira, mukapita kumudzi pa chuthi, musanalonjeze mmisiri ndalama iri yonse, yesani kansaru koyera kaja m'munsi mwa citseko ca kumbuyo, ndipo mupake polishi wamafuta pa theka la boneti lokha, theka lina mulisiye monga liri. M'mawa mwace muitane amai anu adzaone mbali ziwirizo, pakuti iwo akumbukira mtundu wa galimotoyo pamene atate anu anabwera nayo pakhomo. Mutilembere cimene adzanena.